Funsani a Kameramani: kamera ya m'thumba

Makalata a mwezi uno akhala ngati munachita kupangana. Pafupifupi onse akufunsa za timakamera ting'onoting'ono tolowa m'thumba la malaya, tija timatulutsa tokha lensi ukatiyatsa. Ine ndinkayesa kuti foni inatikwirira kalekale, koma taonani tadzukanso. Makalata ena ndawafupikitsa kuti akwane pa tsamba.

A Kameramani, achimwene anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo akubwera pa Khirisimasi. Andiuza kuti ndisankhe kamera yaing'ono andigulire. Pa Facebook ndaona ina yatsopano yolembedwa 48 megapixels ndi 4K, mtengo wake wabwino zedi. Iwo akuti apeza ya Canon yogwirapo kale ntchito, ya 20 megapixels basi, koma ndi yodula kuposa yatsopanoyo. Kodi sakufuna kuwabera? Ine ndimajambula ana anga ndi zochitika za Mvano. Foni ndili nayo. — Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi, ya 48 megapixels ija isiyeni pomwepo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Makamera otere, opanda dzina la kampani yodziwika, ndawagwirapo angapo amene anthu amabwera nawo kwa ine nkhope zitagwa. M'kati mwake muli kasensa konga ka foni yotchipa, ndipo kamerayo imangofufumitsa chithunzi chaching'ono kuti nambala ikule. Lensi yake siyenda n'komwe. Mukaitenga m'manja imapepuka ngati bokosi la machesi.

Kuseri kwa lensi kuli kachipangizo kolandira kuwala, kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Timakatcha sensa. Yerekezani kuti ndi munda wa makolo. Ekala imodzi, kaya muigawire ana 12 kaya ana 48, mundawo sukula ayi, aliyense amangotsala ndi timizere tiwiri. Megapixels ndi kuchuluka kwa anawo, sensa ndiye mundawo. Timakamera tambiri totchipa tili ndi sensa ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4.5 m'lifupi, yosafika ngakhale njere ya chimanga, ndipo pa bokosi amalemba kuti 1/2.3. Ndiye pali ena olembedwa 1-inch, a sensa ya mamilimita 13.2 ndi 8.8, munda waukulu kanayi. Inatsegula njira imeneyi ndi Sony RX100 mu 2012. Canon anatsatira ndi G7 X, imene Mark II yake inatuluka mu 2016 ndipo Mark III mu 2019. Onsewa ndi a 20 megapixels, ndipo ya pa Facebook ija singawayandikire.

Choncho afunseni achimwene anu kuti Canon imene apezayo ndi iti. Ikakhala G7 X, auzeni asachedwe. Ikakhala ya mtundu wa IXUS, ndi ya sensa yaing'ono. Masana panja imajambula bwino ndithu, ili ndi zumu yeniyeni, koma m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono foni yabwino ya masiku ano ikhoza kuiposa, chifukwa foni imajambula zithunzi zingapo m'kuphethira kwa diso n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Ndikunena izi ngakhale kuti nsima yanga imachokera pa kamera. Ngati foni yanu ili yabwino ndipo kamera imene yapezekayo ndi IXUS, ndalamazo achimwene agulire ana nsapato za kusukulu.

Ayang'anenso timanambala tolembedwa kutsogolo kwa lensi, tonga 1:1.8-2.8 kapena 1:3.5-6.9. Nambala yoyamba pambuyo pa 1: ija ikachepa ndiye kuti windo lolowetsa kuwala mu lensi ndi lalikulu. Lensi ya 1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kanayi kuposa ya 3.5, ndipo m'tchalitchi kusiyana kumeneku n'komwe kumapangitsa kuti nkhope za amayi anzanu zioneke kapena ayi. Za megapixels musade nazo nkhawa. Chithunzi cha masentimita 10 ndi 15, chija timaika mu alubamu, chimangofuna 2 megapixels. Cha pepala lonse la A4 chopachika pa khoma chimafuna pafupifupi 9.

Asanalipire aiyatse ndi kuizimitsa kangapo akumvetsera lensi. Ikamakukuta kapena kuima panjira, aisiye. Akoke zumu mpaka kumapeto n'kujambula khoma loyera. Pakaoneka madontho akuda ndiye kuti fumbi linalowa pa sensa, ndipo pa timakamera timeneti kulichotsa n'kuchita kumasula kamera yonse. Atenge tchaja ndi batire lachiwiri konko, asaiwale kuti pulagi ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira pomwe masoketi athu ndi a mano angodya.

Kudula kwa yakaleyo musadabwe nako. Mu 2010 makampani a ku Japan anatumiza pa msika makamera pafupifupi 121 miliyoni, pomwe mu 2023 sanafike 8 miliyoni. Casio anasiyiratu kupanga timakamera timeneti mu 2018. Atsopano abwino achepa, ndiye achinyamata a pa TikTok ndi Instagram ayambanso kufuna timakamerati. Mitengo sinditchula, poti magazini isanafike m'manja mwanu imakhala itasintha kale.

Bambo, mwezi watha ndinajambula ukwati wa achemwali anga ndi kamera yobwereka. Panja pa tchalitchi diresi latuluka bwino koma nkhope zada bii, alamu anga akungooneka mano okha. Ku holo pa perekaniperekani zithunzi zonse ndi mbuu. Achemwali mpaka lero sakundiyankha moni bwinobwino. Ndinalakwitsa pati? — Mnyamata wa ku Ndirande

Mphwanga, pepa. Tonse ojambula maukwati tinadutsa pamenepo, ndipo ine nthawi yanga inali ya filimu, pamene cholakwa unkachiona patatha sabata, zithunzi zitabwera kuchokera kotsukitsa ku Blantyre.

Kamera sidziwa kuti uyu ndi mkwatibwi. Ikaona zoyera zambiri imayesa kuti kwawala mopitirira, ndiye imachepetsa kuwala kuti zonse zikhale zotuwa pakatikati. Diresi limatuwa pang'ono, palibe amadandaula, koma nkhope zathu zakudazi zimalowa mumdima. Zimachitikanso ndi mabulauzi oyera a amayi a Mvano, khoma lopaka laimu, ngakhale thambo lowala kumbuyo kwa munthu. Vutoli ndi lakale. M'masiku a filimu, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi la chithunzi cha mayi wachizungu kuti azilinganizira mitundu pamenepo. Khungu lathu silinali m'maganizo mwawo.

Mankhwala ake ndi kabatani kolembedwa +/-. Ika kamera pa P, osati pa Auto, dina kabataniko n'kukweza kufika +0.7 kapena +1. Jambula chimodzi, chikulitse pa sikirini, uone ngati nkhope zatuluka komanso ngati maluwa a pa diresi akuonekabe. Akafufutika, bweza pang'ono. Ukatha ubwezere pa 0, apo ayi mawa udzajambula zonse zoyera mbee.

Chinanso ndi nthawi. Maukwati athu amatuluka m'tchalitchi dzuwa lili paliwombo, nthawi yoipitsitsa yojambulira munthu. Maso amalowa m'maenje, mphuno imawala, pansi pa chibwano pali usiku. Ine ndimawapempha ankhoswe mphindi zisanu zokha, n'kuwatengera akwati pa khonde la tchalitchi, mumthunzi, nkhope zitayang'ana panja kumene kukuchokera kuwala. Pansi pa mtengo wa mango pamakopa, koma yang'anitsitsa, dzuwa lodutsa m'masamba limasiya munthu ali mawangamawanga ngati nkhanga. Mthunzi ukasowa, yatsa fulashi masana omwewo. Dina batani la chizindikiro cha mphezi, usankhe kuti iziwala nthawi zonse, uime mamita awiri kapena atatu. Anthu adzakuseka kuti ukuyatsa nyali dzuwa likuswa mtengo. Aleke aseke.

Ku holo vuto ndi lina. Kafulashi ka kamera ya m'thumba kamafika mamita atatu kapena anayi basi, ndipo mtunda ukawirikiza kawiri kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ukaima kumbuyo kwa holo n'kukoka zumu, umawalitsa mitu ya amene akhala patsogolo pako, akwati ali mumdima. Zumu nayonso imachepetsa kuwala kolowa mu lensi. Ndiye ibweze yonse, uyende ndi miyendo yako mpaka pafupi ndi beseni la ndalama. Usachite manyazi, tsiku limenelo ndiwe wantchito.

Anthu ovina amafuna liwiro la 1/250, kutanthauza kuti kamera ilandire kuwala kwa gawo limodzi lokha mwa magawo 250 a sekondi. Ngati kamerayo ili ndi S kapena Tv, posinthira liwiro, sankha pamenepo, ndipo ISO, nambala ya mmene sensa imamvera kuwala, ikwere mpaka 1600. Chithunzi chidzakhala ndi timadontho ngati mchenga, koma mchenga umapiririka kusiyana ndi mbuu. Batani lojambulira uzilidina theka kaye kuti kamera ipeze munthuyo, kenaka udikire. Taona azakhali akamabwera movina ndi ndalama m'manja: mkono umakwera, ukafika pamwamba umaima kamphindi ndalama isanagwe. Pamenepo ndi pomalizira kudina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa achemwali, pita ndi kamera Lamulungu likubwerali cha m'ma 4 koloko madzulo, uwapemphe avalenso diresi, alamu avale suti. Sadzakana.

Ndine mphunzitsi ndipo ndikufuna kupita ndi ana a kalabu ya zachilengedwe ku Liwonde National Park. Pa foni njovu zimaoneka ngati nyerere. Ndigule kamera yotani yosalemera? — Mphunzitsi wa ku Balaka

Aphunzitsi, apa ndiye pamene foni imagonja, ndipo zimene ndawauza mayi a ku Area 25 zija zitembenuzeni. Inu mukajambula panja masana, kuwala kuli kokwanira, choncho sensa yaing'ono si vuto. Chimene mukufuna ndi zumu. Funani Panasonic Lumix ya mtundu wa TZ, imene ku America amaitcha ZS. Kuyambira pa TZ60 kupita m'tsogolo zambiri zili ndi zumu ya 30x, yokoka chinthu chakutali ka 30, ndipo zimalowa m'thumba la jekete. Pa bokosi pakhale mawu akuti optical zoom, kutanthauza kuti magalasi a lensi amayendadi. Digital zoom ndi kungodula chithunzi n'kuchikulitsa, zimene foni yanu ikuchita kale. Nikon P900 ya 2015 imafika 83x, koma imeneyo ndi katundu wa pakhosi, si ya m'thumba.

Zumu ikatalika, kunjenjemera kwa manja nako kumakula. Tengani kathumba ka nsalu mudzazemo nyemba kapena mpunga, mukaike pa windo la galimoto n'kukhazikapo kamera. Dalaivala azimitse injini. M'boti pa Shire kathumbako sikathandiza poti botilo limanjenjemera lokha, ndiye gwirani m'manja, zigongono zitatsamira pa nthiti, liwiro likhale 1/500 kapena kuposa. Nkhwazi muipeze kaye zumu ili yobweza, kenaka muzikoka pang'onopang'ono. Mukayamba ndi zumu yonse mudzangoona masamba ndi thambo, mbalame itapita.

Mukapita mu Seputembala kapena Okutobala nyama zimaoneka mosavuta chifukwa tchire lauma ndipo zimasonkhana kumtsinje, koma utsi wa moto wa tchire ndi chifungafunga cha kutentha zimafufuta chilichonse chakutali. Palibe kamera imene ingachotse zimenezo. Lawirirani m'mamawa. Ndipo anawo muwapatseko kamera ajambule okha, chingwe chili pamkono.

Kamera yanga yakana kubweza lensi kuchokera pomwe tinapita ku Senga Bay, ikulemba kuti lens error. Komanso ya akazi anga, imene inali m'sutikesi chaka chonse, pa galasi pake pamera tinthu ngati ulusi wa kangaude. — Bambo wa ku Nkhata Bay

Achimwene, yoyambayo yadya mchenga. Lensi ya timakamera timeneti ndi timapaipi tolowana, toyendetsedwa ndi timagiya ta pulasitiki, ndipo kamchenga kamodzi n'kokwanira kuimitsa zonse. Musaikankhe ndi chala, mudzathyola magiya. Musaipemerere ndi pakamwa, mudzalowetsa chinyezi. Tchajani batire lidzaze, chifukwa nthawi zina lensi imaima panjira kaamba ka batire lofooka. Kenaka iyang'anitseni pansi, sesani m'mipata ya timapaipito ndi kabulashi kofewa kouma, igogodeni pang'ono pachikhatho n'kuiyatsa. Mwina idzuka. Ikakana, funsani mtengo kaye kwa okonza musanawasiyire, poti pa kamera yotchipa kukonza lensi kumayandikira mtengo wogulira ina.

Tikuitcha ya m'thumba, koma m'thumba isamalowe yamaliseche. Tiulusi ta m'thumba la buluku ndi fumbi zimayamwidwa nthawi iliyonse lensi ikamatuluka. Ikhale m'kachikwama kake, ndipo pa msewu wafumbi kachikwamako kalowe m'pepala la pulasitiki lotseka.

Ya mayi ija yachita chuku. Chimakonda malo a mdima, otentha ndi achinyezi, ndipo sutikesi ya pansi pa bedi ku Nkhata Bay nthawi ya dzinja ndi kwawo kwenikweni. Chikakhala kunja kwa galasi chimapukutika, chikalowa m'kati ndi ntchito ya okonza, ndipo chikakhalitsa chimadya galasilo. Sungani kamera m'kontena yotseka bwino, ija timaikamo chakudya, pamodzi ndi timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Batire muzilichotsa. Ndipo muziitulutsa kamerayo kukajambula, yogwira ntchito sichita chuku msanga.

Munthu wa kunyanja ngati inu ndikanakonda mukanakhala ndi Olympus Tough TG-6 ya 2019, kapena TG-7 ya 2023 imene ikutuluka ndi dzina la OM System. Lensi yake situluka kunja, choncho mchenga ulibe polowera. Imamira mpaka mamita 15 ndipo imapirira kugwa kuchokera mamita awiri. Ndinabwerekapo ina ku Cape Maclear n'kumira nayo m'miyala ya pa chilumba cha Thumbi. Mbuna zabuluu zinkabwera mpaka kudzajompha galasi, ine n'kuiwala kuti ndiyenera kupuma. Chongosamala ndi kamphira ka pa chitseko cha batire: katsitsi kamodzi kakapingasa pamenepo, madzi alowa.

Tikusanthula katundu wa malemu bambo tapeza kamera yaing'ono imene anagula cha m'ma 2005. Imagwiritsa mabatire a AA. Ndaikamo memori khadi la 64GB koma ikukana, ndipo mabatire akutha ndikangojambula zithunzi zisanu. Yafa? — Mtsikana wa ku Zomba

Siinafe, mwanawe, yangokalamba. Makamera a zaka zimenezo amawerenga makhadi a SD osapitirira 2GB. Makhadi a SDHC, ofika 32GB, anayamba mu 2006, ndipo lako la 64GB ndi la SDXC, lobwera pambuyo pake. Funafuna khadi la 1GB kapena 2GB. Ikakhala Olympus kapena Fujifilm mwina ifuna khadi la xD, ikakhala Sony ifuna Memory Stick. Mabatire wamba a tochi ndi wailesi sangaikwanitse; gula otchaja olembedwa NiMH, anayi, ndi tchaja yake.

Koma usanachite zonsezi, bwerera m'sutikesimo. Khadi limene bambo ankagwiritsa ntchito lili penapake, mwina m'kathumba ka m'mbali mwa chikwama cha kamerayo. Ukalipeza, kamera kapena kompyuta ikakufunsa kuti format, kutanthauza kufufuta zonse za pa khadi, ukane.

Chaka chino ndipita ku Kulamba. Kodi Gule Wamkulu amaloledwa kujambula? — Bambo wa ku Mchinji

Ku Mkaika ku Katete, pa mwambo wa Kalonga Gawa Undi kumapeto kwa Ogasiti, gule amavina pabwalo pamaso pa khamu la ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo ojambula amakhala ambiri. Tsatirani zimene oyendetsa mwambo akuuzani ndipo musalowe m'bwalo. Kumudzi, pa maliro kapena pa chiliza, ndi nkhani ina: yambani mwapempha kwa amfumu, ndipo akakana, kamera ibwerere m'chikwama. Zakudambwe inu a ku Mchinji simufunika kuuzidwa ndi ine. Fumbi la pabwalo la gule ndi loopsa kwa lensi, choncho kokani zumu kamodzi muisiye pomwepo, osamangoilowetsa ndi kuitulutsa.

Zithunzi zonse za tsiku limene mwana wanga analandira digiri zasowa pa memori khadi. Zimene ndinatumizira abale pa WhatsApp ndikatsukitsa zikutuluka zosaoneka bwino. Ndithandizeni. — Mayi wa ku Chitungwiza, Zimbabwe

Mayi, chotsani khadilo m'kamera lero lomwe ndipo musajambulirepo kanthu kena. Chithunzi chofufutidwa chimakhala chikadalipo mpaka china chitalembedwa pamalo pake. Pitani nalo kwa munthu wodziwa kompyuta akayese ndi pulogalamu ya PhotoRec kapena Recuva, zonsezi ndi zaulere. Zimene zapezeka azisungire pa kompyuta, osati pa khadi lomwelo. Za pa WhatsApp zija zinachepetsedwa potumiza kuti zisadye bandulo. Ulendo wina potumiza chithunzi choti chikatsukidwe, sankhani Document m'malo mwa Gallery, chimafika chathunthu. Zimene muli nazozo tsukitsani zazing'ono, za 10 ndi 15, zioneka bwinoko kusiyana ndi kuzikulitsa.

Pali mtundu umodzi wa kusowa umene pulogalamu iliyonse singauthetse, ndipo unandigwera ine. Ndinagula khadi lolembedwa 32GB kwa mnyamata wina woyenda nawo m'manja pa depoti, pa theka la mtengo wa m'sitolo. Loweruka lake ndinakajambula chinkhoswe. Kamera inkawerenga bwinobwino, 300, 400, 500, ine mtima uli m'malo. Usiku nditaika pa kompyuta, zoyambirira zokha ndi zimene zinatseguka, za amayi akusenda anyezi kuseri kwa nyumba ndi anyamata akumanga tenti. Kuyambira pamene akuchimuna ankalowa ndi nkhuku mpaka pomaliza, maina a zithunzi analipo koma m'kati mulibe kanthu. Khadilo linali laling'ono, analinamiza kuti lizidzitcha 32GB, ndipo litadzaza zotsalazo zinkangotayika. Kuchokera tsiku limenelo khadi lililonse latsopano ndimaliyesa kaye pa kompyuta ndi pulogalamu ya H2testw, imene imalidzaza lonse n'kuwerenganso, ndipo pa mwambo waukulu ndimasintha makhadi awiri kapena atatu ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu.

Ndalama za chinkhoswecho ndinabweza zonse. Ndinatsuka zithunzi za kukhitchini zija n'kukapereka ndekha, chipewa chili m'manja. Ankhoswe aakazi anazilandira osandiyang'ana. Patapita zaka ziwiri ndinakumana ndi mwini chinkhoswe uja mu minibasi ya ku Limbe, mwana ali kumsana. Anandiuza kuti agogo ake anamwalira chaka chotsatira, ndipo chithunzi chawo chokhacho chimene banja lili nacho ndi chimene ndinawajambula atakhala pa mtondo wogwetsa, akusankha mpunga m'lichero. Anandifunsa ngati ndingawatsukirenso zisanu, ndipo ndinali ndikadali nacho pa kompyuta.